Makalata Asanu ndi Awiri a Bambo Ake a Temwa

Chaka chatha ndinataya mkazi wanga, Temwa. Ndinatayanso nyumba ya zipinda ziwiri imene tinkakhala ku Mzuzu, dzina limene ankandiitana iye yekha, ndiponso munthu wondikonza ndikamafotokoza nkhani molakwika. Laputopu yake ndili nayo.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndikukhala ndi malume anga pa Chintheche. Kwathu malume timati asibweni. Iwo anali ndi kashopu ka fotokope kufupi ndi msika, ndipo pakona panali kompyuta yakale imene anawapatsa kuloji ina ya ku Kande, kumene anagwirako ntchito. Inkalira ngati chigayo chakutali, ndipo ikatentha inkanunkha fumbi lopsa. Ndikaweruka kusukulu, ntchito yanga inali kutsegulira anthu maimelo ndi kuwawerengera amene maso kapena sukulu zinawavuta.

Ambiri mwa anthuwo sankasunga mawu achinsinsi otsegulira imelo yawo. Kompyutayo inkawakumbukira yokha, ndipo tonse tinkaona ngati ndi ulemu umene inkatichitira.

Lachisanu lililonse kunkabwera a NyaMhone a ku Bandawe, ndi mwana wawo wamkazi wa msinkhu wanga, wamaso okwiya. Amuna awo anamwalirira ku Joni chaka chapitacho. Imelo ya a NyaMhone anawatsegulira ndi amuna awowo asananyamuke, ndipo munali makalata asanu ndi awiri amene anawalembera m'Chitonga ali kumeneko. Kalata yatsopano sakanailandiranso, ndipo ankadziwa. Ankangokhala pabenchi, n'kuika dengu lawo la ufa wa kondowole pansi, n'kunena kuti, "Lero ija ya nsapato, mwanangu." Ine n'kuwerenga. Mwana wawo uja, Temwa, ankandiyang'ana pakamwa ngati ndiba liwu.

Tsiku lina pamwamba pa sikirini panabwera kamzere kachikasu. Kanali m'Chingerezi, koma ndinamva ndithu: pulogalamu yotsegulira intaneti sidzalandiranso zatsopano pa kompyuta yakale ngati imeneyi, ndipo masamba ena adzasiya kutseguka. Ndinachita mantha. Dzulo lake ndinali nditasewera magemu asibweni atapita kumaliro, choncho ndinaganiza kuti ndaononga ndine. Ndinadina kamtanda ka kumapeto, kamzereko n'kuzimiririka. Mawa lake kanabweranso, ndinadinanso. Ndinachita zimenezi mvula yonse, mpaka dzanja linazolowera kudina maso asanawerenge.

Kenako imelo inakana kutseguka. Asibweni anaitana mnzawo wa kuloji wodziwa makompyuta. Iye anati njira ndi imodzi, kufufuta zonse n'kuikamo zatsopano. Anatero. Kompyutayo inadzuka yoyera, yothamangako pang'ono, koma itaiwala aliyense. Amene analemba mawu awo achinsinsi kuseri kwa Baibulo anapulumuka. A NyaMhone sankawadziwa. Mwini wake anapita nawo kumanda.

Lachisanu lotsatira, atamva zimenezi, a NyaMhone sanalire. Anafunsa kawiri ngati tayesadi, kenako anasenza dengu lawo. Temwa anatsala pakhomo pang'ono, n'kundiuza kuti, "Iwe ndi mutu wako waukuluwo, sunadziwe?"

Nditaulula za kamzere kachikasu kaja, asibweni anayamba kupukuta magalasi awo ndi malaya.

"Unakaona liti?"

"Mvula isanayambe."

"Ndiye kuti makinawa anachita zaulemu. Anatsanzika. Iwe ndiwe unawatseka pakamwa." Anavalanso magalasi aja. "Ukanandiuza, bwenzi titasindikiza onse asanu ndi awiri tsiku limodzi. Mapepala si awa?"

Ndinkadikira chikoti. M'malo mwake anatenga kope latsopano pashelefu ndi bolopeni, n'kundipatsa. "Makalatawo wawawerenga kangati? Ali m'mutu mwakomo. Loweruka upite ku Bandawe, ukawabwezere."

Ndinapita Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri. Tinkakhala pakhonde, pafupi ndi thandala loyanikapo chinangwa chovunditsa, fungo lake lowawasa likulowa m'zovala. Ine ndinkayamba chiganizo, a NyaMhone n'kuchimaliza, ndipo Temwa ankakana.

"Adada sankanena kuti ndakusowani. Ankati nyumba yakula."

"Si chimodzimodzi?"

"Fufuta."

Ndinafufuta kwambiri miyezi imeneyo. Kalata ya nsapato inatitengera masabata awiri, chifukwa sitinkagwirizana ngati nsapatozo zinali zofiira kapena zakuda. Pomaliza a NyaMhone anaseka, koyamba chiwadziwireni, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka nazo. Zinali zabuluu. Tonse atatu tinali titaiwala. Pamenepo ndinazindikira kuti zimene tikulembazo si makalata enieniwo, ndi chithunzi chawo chabe, ndipo kusiyana kwake ndinakubweretsa ndine.

Kopelo lilipobe ku Bandawe, m'sutikesi. Tsiku la chinkhoswe chathu Temwa anauza abale ake kuti akukwatiwa ndi ine kuti azindiyang'anira, ndingafufutenso china. Sitinazolowere kuitanana kuti inu. Tinayamba ndi iwe pakhonde paja, ndipo zinakhala choncho.

Mwezi watha ndinabwerera ku Chintheche. Shopu ya asibweni tsopano amagulitsamo mafoni. Laputopu ya Temwa ndi ija anagula tili kukoleji, yothyoka pakona, ndipo imelo yake ndi yotsegula mmenemo basi. Mawu ake achinsinsi sindiwadziwa. Sindinamufunse, chifukwa munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu sumufunsa zimenezo. Ndimailumikiza kumagetsi tsiku lililonse, ndipo magetsi akazima ndimayang'ana batire ngati mmene ndinkayang'anira botolo la diripi Temwa ali m'chipatala.

Sabata yatha kamzere kaja kanabweranso. Mtundu wake wasintha, mawu ake ndi omwewo. Chala changa chinafika pa kamtanda chokha, koma ndinachibweza.

Ndasindikiza zonse zimene ndatha. Zimene analembera ine ndikuzikoperanso pamanja m'kope, liwu ndi liwu, ndi zolakwika zake zomwe, poti palibenso wondiuza kuti fufuta. Zimene analembera azibale ake zokhudza amayi ake ndidzapita nazo ku Bandawe Lachisanu. Maso a a NyaMhone afooka, ndipo wowawerengera akadali ine.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti asibweni ankandiphunzitsa kusabisa cholakwa. Tsopano ndikuona kuti ankanena za kutsanzika. Chinthu chikakuuza kuti chatsala pang'ono kupita, chakuchitira chifundo, ndipo nthawi imene yatsalayo ndi yotulutsa zimene zili m'kati. Si zonse zimatsanzika choncho.

Pali kalata imodzi imene sindinaisindikize. Temwa ankafunsira ntchito yauphunzitsi kuno kunyanja, kuti tibwerere kufupi ndi amayi ake. Inathera pakati pa chiganizo. Mmawa umenewo mutu unamupweteka kwambiri, ndipo mlongo wake anabwera ndi galimoto kudzamutengera kuchipatala. Ine ndinatsala kuti nditseke nyumba ndiwatsatire. Nditatambasula dzanja kuti ndipinde laputopuyo, anacheuka ali pakhomo, chitenje chili paphewa.

"Usatseke, iwe. Ndidzamaliza ndikabwera."