Nsinga ya Uta wa Agogo ndi Mbuzi Yanga Masiye

Fungo la mafuta a nsatsi likangondipeza, ngakhale pakati pa msika, ndimaona agogo aamuna, bambo a mayi anga, atakhala pakhonde kwathu ku Chia, uta uli pamiyendo, akuupaka mafutawo ndi chala pang'onopang'ono ngati akusisita mwana wodwala, utsi wa nsomba zimene mayi ankawamba kuseri ukuwalowa m'maso koma iwo osaphethira. Utawo unali wakuda bii, wopindikira kunja kumapeto konse kuwiri, ndipo anawasiyira ndi amalume awo. Wailesi yawo tinkaigwira, njinga yawo tinkaiba n'kukagwa nayo kumsewu, koma uta ayi.

Sikuti unali wokongoletsa nyumba. Munda wathu wa chinangwa unali kumtunda, kufupi ndi nkhalango, ndipo anyani ankauona ngati wa bambo awo. Agogo akalasa mmodzi, gulu lonse linkasowa mpaka tikolole. Kondowole yemwe tinkadya chaka chonse ankadalira uta umenewo.

Tsono chaka china makoswe anadya nsinga yake. Inali ya chikopa cha gwape, yopota kalekale, ndipo gwape wina sakanapezeka chifukwa a gemu, olondera nyama zakutchire, anali atayamba kumanga aliyense wolowa m'nkhalango. Agogo anayesa khonje, linanyenyeka tsiku lomwelo. Asodzi anawapatsa ulusi wa ukonde, koma unkatamuka ngati legeni, muvi n'kugwera pafupi ngati waponyedwa ndi mwana. Zikopa za ogulitsa nyama anazikana, ati mpeni wawo umathamanga ndipo umasiya mabala. Amalume anga, omwe ankadula nzimbe ku Dwangwa, anabwera ndi waya wa buleki ya njinga atamukulunga bwinobwino m'pepala.

"Bambo, uyu saduka mpaka tsiku la Kiyama, kutha kwa dziko," anatero amalume monyadira.

Agogo anamukoka wayayo ndi manja awiri, n'kupukusa mutu. "Vuto lake ndi lomwelo. Nsinga imafunika kugonjako pang'ono muvi ukachoka. Ikakana kugonja, nkhonya yonse imabwerera kumtengo." Anamupachika pamsomali n'kumuiwala, anyani akuzula chinangwa mzere ndi mzere.

Pakhomopo panali mbuzi imodzi yokha, katonde kanga Masiye. Mayi wake anafa iye ali wamasiku ochepa, ndipo ndine ndinamulera ndi phala la m'botolo, ndikumubisa m'chitenje kukazizira. Ankanditsatira kuchitsime, ankandidikira panjira ya kusukulu. Ndiye masiku amenewo agogo, munthu yemwe sankasamala za mbuzi, anayamba kumuitana Masiye, kumupatsa makoko a nthochi, kumusisita pamsana. Ine kusangalala kwake! Ndinkati tsopano agogo amuzindikira mwana wanga.

Tsiku lina ndikusenda chinangwa pafupi nawo, ndinaona akutsina chikopa cha pamsana pa Masiye, kuchikweza, kuchisiya, n'kuyeza ndi chikhatho kuchokera pakhosi mpaka kumchira.

"Chopanda chipsera n'chimodzi chomwe," anadziyankhulira. "Mwachisamala bwino, akazanga."

Ankanditchula choncho pocheza, monga amachitira agogo ndi adzukulu awo, ndipo masiku onse ndinkaseka. Tsiku limenelo mpeni unandigwa m'manja. Kusisita konse kuja, makoko a nthochi aja, agogo ankayeza nsinga pamsana pa mbuzi yamoyo! Ndinawayang'ana ngati ndikuona mlendo atavala nkhope ya agogo anga.

M'mawa mwake ndinadzuka ndi phokoso la mpeni panolo. Masiye anali atamangidwa pamtengo wa mango, akudya masamba, osadziwa kanthu. Sindinalire. Ndinangopita n'kukagwada, n'kumukumbatira m'khosi, pamalo penipeni pozingapo.

"Patuma, choka apo!" anakalipa mayi. "Chinangwa chikatha udya chiyani? Udya kulira kwa mbuzi?"

Mayi sankalakwa, ndipo ngakhale ine ndinkadziwa. Koma manja anga anakana kumasuka. Agogo anaima pamenepo nthawi yaitali, mpeni uli m'manja, akuyang'ana ine, akuyang'ana mbuzi. Kenako anausomeka mpeniwo kudenga la khonde.

"Akazanga akana," anatero, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi waya uja.

Anamumanga pautawo, ndipo atamukhudza ndi chala analira mokweza, mouma, osati kulira kwakuya kumene tinazolowera. Ndinawatsatira kumunda nditasenza chigubu cha madzi, mtima uli mbee, ndikuganiza kuti zonse zatha bwino. Anyani tinawapeza ali kale pantchito. Chamuna chachikulu chinakhala pachulu, chinangwa chili m'manja, chikutiyang'ana mwachipongwe. Agogo anagwada bondo limodzi, anaika muvi, anakoka mpaka kukhutu.

Phwaa!

Ndinkayesa mfuti. Muvi unapita cham'mbali, mutu wa uta unathyoka n'kuuluka, ndipo waya anawakwapula agogo patsaya mpaka magazi chuchuchu kutsikira m'kolala. Ndinakuwa, chigubu chinagwa. Koma chimene sindidzaiwala ndi chinyani chija. Chinangodumpha pang'ono, n'kubwerera pachulu pomwepo, n'kupitiriza kudya.

Agogo sanagwire n'komwe patsayapo. Anakwawa m'mizere kufunafuna chidutswa chija, ndipo atachipeza anachilumikiza pamalo pake, ngati kuti chingagwirane chokha. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akuoneka wamng'ono chotero.

"Agogo, munkadziwa kuti uthyoka?"

"Ndinkadziwa," anayankha osandiyang'ana. "Ndimati mwina undikhululukira kamodzi kokha."

Uta wina sanasemenso. Ankati mitengo yake ili m'nkhalango ya a gemu, komanso manja ake anapita ndi amalume awo. Kuyambira tsiku limenelo ankalawira kumunda ndi chitini chakale cha mafuta ndi kamtengo, n'kukhala pamsasa tsiku lonse akuimba ngo! ngo! ngo! ngati mwana wolondera mbalame kumpunga. Anzawo odutsa panjira ankawaseka, amvekere, "Mlenje, lero mwapha angati ndi chitinicho?" Iwo ankangokweza dzanja. Anyani anazolowera phokosolo msanga, theka la munda linapita, ndipo chaka chimenecho tinkadya kamodzi patsiku. Palibe tsiku limene agogo anatchula mbuzi yanga pankhani ya njalayo, ndipo mayi akayamba, ankawaletsa ndi diso.

Masiye anakalamba mpaka mano kutha, n'kufa yekha m'khola. Agogo anatsogola iye asanafe. Panopa ndili ndi adzukulu anga, ndipo ana akamasewera panja n'kuyamba kumenya chitini, ndimasiya chilichonse chimene ndagwira. Ena amamva phokoso la ana. Ine ndimamva mlenje wa ku Chia, chipsera chili patsaya, akulipira tsiku ndi tsiku moyo wa mbuzi ya mdzukulu wake.