Nyemba za achemwali zikununkha usipa

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kumutembenuza khofi mwana wa achemwali anga. Nkhani yake? Nyemba.

Mwanayo ndi Esnati. Amagwira ntchito kukhitchini ya zisitima zikuluzikulu za panyanja ya mchere, zija zimangozungulira ndi anthu olemera kuti akapitidwe mphepo. Pano ali pa tchuthi. Amayi ake ali ndi kalesitilanti pa Likhubula, pomwe amadyera amuna onyamula katundu wa alendo okwera phiri la Chambe. Ndinene kuti ankadyera, chifukwa chaka chino pa mabenchi pakungogona mphaka. Achemwali atsimikiza kuti wawalodza ndi mayi wophika tsidya la msewu, ndipo akuti zikapitirira atseka.

Tikudya pamenepo, Esnati ankatisimbira za apaulendo ake. Akuti ulendo ukatha aliyense amanena maganizo ake pa chakudya. Wina msuzi unazizira. Wina nkhanu za chaka chatha zinali zonona kuposa izi. Agogo ena mpaka lero akulirira keke ya m'sitima imene inaphwasulidwa kalekale. Ndinaseka mpaka kutsamwa. Anthu okhuta ali ndi mavuto!

Kenako mwana uja anaika sipuni pansi.

"Amayi, musandidane. Nyembazi zikununkha usipa. Mafuta omwewo mukukazingira nsomba, mawa tchipisi, mkuja mukuthira m'ndiwo. Palibe wakulodzani."

Ndinapsa mtima nthawi yomweyo. "Iwe, mchere wa m'nyanjamo wakulowa m'mutu? Amayi akowa ndi anzako?"

Sanatekeseke. Anangoloza mbale yanga. "Nanga inu amalume, mwati zakoma, theka lonselo mwasiyira ndani?"



Kuyambira tsikulo sindikukhazikika. Ndikungokumbukira ulendo umene ndinayenda ndili mnyamata pa sitima ya panyanja yathu ino, kupita kumpoto kukasaka ntchito. Ife a tikiti yotchipa tinali pansi, pakati pa matumba a chinangwa ndi nkhuku. Anatigulitsa nyemba zofumbwa, anankafumbwe akuyandama pamwamba. Tonse tinkangowakankhira m'mphepete mwa mbale n'kumameza. Koma bambo wina wachikulire wa chipewa cha nsalu ananyamuka ndi mbale yake mpaka pa zenera la khitchini.

"Achimwene, ndinalipira nyemba. Nyamayi sindinaitanitse."

Tinamunyoza chamumtima. Mayi wina anati, "Kwawo amadya chiyani ameneyu?" Koma m'mawa mwake nyemba zinabwera zosankhidwa bwino, ndipo amene tinamunyoza tomwe ndife tinayamba kukaima pamzere. Palibe anamuthokoza.

Ndi mmene tilili, abale anga. Timati ndi ulemu. Pamaso "zakoma, zikomo kwambiri", ukangokhota pa ngodya "amayi aja kuphika kunawathawa". Telala akakusokera buluku lokhota mwendo, umati lakhala bwino, n'kusamukira kwa wina. Mmisiri akakhoma denga lodontha, umauza mudzi wonse kupatula iyeyo. Onyamula katundu aja sanadandaule ngakhale kamodzi. Anangowoloka msewu mwakachetechete, ndipo achemwali anatsala akuwerengera mfiti.

Ulemu wanji wosiya m'bale wako akumira iwe ukumwetulira? Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya: amene watsegula malonda ayenera kumva zowawa, ndipo wina ayenera kuzinena.

Sindikuti titengere agogo olirira keke aja. Kudandaula kwina ndi matenda a kukhuta. Koma wophika wa m'sitima ya Esnati amagona akudziwa chimene chalakwika. Achemwali anga atha miyezi akufukiza mankhwala pakhomo, vuto lili m'chiwaya.

Lachinayi ndinabwerera ku Likhubula ndekha. Achemwali anandipatsa tiyi, koma sindinakhale n'komwe pansi.

"Achemwali, mwana uja sananame. Tayani mafutawo."

"Ndiye iwenso wakhala ukudziwa?"

"Eya."

"N'kumadya zaulere, n'kumati zakoma?"

Anandilanda kapu ya tiyi imene anali atandipatsa kale. Mpaka lero sakuyankha foni yanga. Esnati akuti chiwaya chija chatsukidwa, koma ngati makasitomala abwerere, palibe akudziwa. Mwina tachedwa.

Inu amene mukuwerenga, pali malo amene munasiya kupitako osanena chifukwa. Mwini wakeyo lero akuganizira ndani kuti wamulodza?