Dzanja la abambo pa wailesi

Wailesi ya abambo inali ya thabwa, kutsogolo kuli kansalu kofiirira kamene kankanjenjemera munthu akamayankhula m'katimo. Anaigula chaka chomwe tinachoka ku Mulanje kubwera ku Mzuzu, iwo atapeza ntchito pachigayo. Mzuzu wa nthawi imeneyo musamuyerekeze ndi wa lero. Nkhungu, matope, kuzizira kolowa mpaka m'mafupa.

Nyengo yozizira imeneyo abambo anayamba kuimenya makofi wailesi ija. "Yafa iyi, ikungong'ung'udza!" Amayi ankangoyang'ana pansi. Ine ndinkamva zonse bwinobwino, ndiye ntchito inagwera ine: kuima paphewa pawo n'kumabwereza nkhani mokuwa. Ankanunkha gaga, nsidze zili mbuu ndi ufa. Mawu angawa anakulira pamenepo. Aphunzitsi ankati, "Iwe, muno ndi m'kalasi, si kudambo!" Sukulu ndinalekera panjira, zilembo ndimachita kulondola ndi chala, koma mawu ndiye ndili nawo. Ndikapereka moni ku Kaning'ina kuno, a ku Mzilawaingwe amayankha kuti yewo.

Chandikumbutsa zonsezi n'chiyani? Mwana wanga wamkazi anandigulira kanema wa masipika ambirimbiri. Galimoto ikaphulika m'filimu, mbale zimalira m'kabati. Koma anthu akayamba kuyankhula, milomo yokha, mawu ngati ali pansi pa chitsime. Ndikakweza, chimakula ndi chiphokoso. Mayi a kunyumba saonera mafilimu, amati n'zachibwana, ndiye panalibe womufunsa. Ndinauza aliyense kuti makinawo ndi achabechabe. Tsiku lina ndinangozindikira ndikumenya khofi sipika. Ndinati basi, za abambo zija, zogontha makutu, zandipeza. Sindinauze munthu. Ine, munthu woyankhula pamaliro, ndizikati "mwati bwanji?" pagulu?

Mwanayo atabwera anamvetsera pang'ono, n'kugwada pansi.

"Adada, kasipika kakatali kaja kali kuti?"

Kanali m'kabati kuseri kwa galasi, mayi ake atakafunditsa kansalu koluka kuopa fumbi, pamwamba ataikapo maluwa apulasitiki. Anaseka mpaka misozi.

"Mawu a anthu amatulukira m'kameneka! Mwatsekera munthu m'kabati, ndiye mukuti sayankhula?"

Anakatulutsa n'kukaika m'mphepete mwa shelefu, pansi penipeni pa kanema. Anapinda katoni n'kukatsamiritsa kuti kaloze kumutu kwanga ndikakhala pampando wanga. Chisipika chogunda, choliritsa mbale chija, anachitsitsa mawu, kameneka n'kukakweza pa rimoti. Kenako anaika filimu yomasulira m'Chichewa.

Munthu wa m'filimuyo anati, "Tseka chitseko." Liwu lililonse linafika lokhalokha, loyera.

Ndinakuwa, "Ndamva! Akuti tseka chitseko!"

Mayi a kunyumba kukhitchini anatsekadi.

Ndinati yewo chomene mwana wanga, n'kutuluka panja ngati ndikukaona nkhuku, kuti asandione m'maso.

Abambo analibe kabati yoti wina awatsegulire. Pomwe dzuwa linkayamba kutentha chaka chija, anali atasiya kuimenya wailesi. Ankabwera kuchokera kuchigayo, kuiyatsa, n'kukhala pansi, chikhato chili pa kansalu konjenjemera kaja, maso ali pakamwa panga. Ine ndinkanyada, ndimvekere abambo amakonda mawu anga kuposa a munthu wa pa wailesi. Dzanjalo ndinkati akuotha. Sindinadzifunse kuti munthu angaothe bwanji kunja kutatentha kale.