Jekete la pa Msomali

Amuna anga anagwa m'munda wa mbatatesi, khasu lili m'manja. Kuchipatala cha pa Boma anati ndi sitiroko. Tinabwerera kwathu ku Tsangano dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotoka, mawu atatheratu. Munthu amene ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi kwa zaka zambiri anangotsala ndi kubuula.

M'mudzi sankati sitiroko. Ankati awamenya ndi hamala yamatsenga. Ena ankati mankhwala okololera mbatatesi zambiri awatembenukira. Ndinkazimva kumjigo, ndikamayandikira onse n'kukhala chete. Choncho ndinawabisa. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa phala ndi supuni, kuwapukuta malovu, koma kowothera dzuwa kunali kuseri kwa nyumba, kosaoneka ndi odutsa.

Lamlungu loyamba belu la kutchalitchi litalira, anakweza dzanja lamanzere n'kuloza jekete lawo lakuda limene linkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko.

"Mukumva kuzizira, bambo?" ndinatero, n'kuwafunditsa bulangete.

Analikankha. Analozanso. Ndinadziwa chimene ankafuna. Ndinadziwa kuyambira pomwe analoza koyamba.

"Mukachira mudzapita. Mukufuna anthu akakuoneni chonchi?"

Anatembenukira kukhoma.

Mlamu wanga, mng'ono wawo, anabwera tsiku lina n'kunena kuti, "Alamu, ngolo ilipo, ng'ombe zilipo. Lamlungu tiwakweze achimwene, akamveko nyimbo."

"Muwakweze ngati thumba la mbatatesi? Msewu wonse uzitiseka?"

"Amene akuseka aseke. Mwina inuyo ndi amene mukuopa, osati iwo."

Ndinakwiya, sindinamuperekeze n'komwe.

Akuluampingo ankabwera mwa apo ndi apo. Ankakhala pakhonde n'kundifunsa ine kuti, "Adzuka bwanji odwala?" eni ake ali pomwepo, akumva zonse. Pemphero lalifupi, basi azipita. Ulendo wina mayi wina wa m'gulu lawo anayamba nyimbo motsitsa. Ndinamva mawu okhuthala akutsatira pansipansi. Anali amuna anga. Dzina langa linkawakanika, koma nyimbo ija anaitsatira mpaka kumapeto, misozi ikutsikira mbali yakufayo. Alendo atachoka, amuna anga analozanso jekete, ngakhale linali Lachinayi.

Ndinati tidikire mvula ithe, msewu uume. Mvula itatha ndinati kuzizira kwa Juni kudutse. Ndinkapempherera kuti ayende ndi miyendo yawo, akalowe m'tchalitchi monga kale, onyoza achite manyazi. China chilichonse chochepera pamenepo sindinkachifuna. Iwo ankangofuna kukakhala pabenchi.

Kenako anasiya kuloza. Belu likalira ankangotsinzina. Phala nalo anayamba kulikana. Anamwalira mbewu zisanalowe m'nthaka, patatha chaka ndi miyezi ingapo chigwere.

Jekete lija ndinalichotsa ndekha pamsomali kuti awaveke. Pamapewa linali litachita fumbi. Mwambo wonse wa maliro unachitikira pakhomo, monga timachitira kuno. Njira yakumanda imadutsa pafupi ndi tchalitchi, ndipo onyamula bokosi sanaime. Ndinafuna kukuwa kuti alowe nawo pang'ono chabe, koma azimayi anali atandigwira mbali zonse, nyimbo ili pakati.

Masiku ano ndimapita Lamlungu lililonse. Ndimakhala kumbuyo. Wina akayambitsa nyimbo, pakamwa panga sipatseguka. Abusa amati Mulungu amakhululuka, ndipo sinditsutsa. Koma amene ndinawamana si Mulungu. Msomali uja ukadali kuseri kwa chitseko. Sindipachikapo kanthu.