Nkhunda ya Amayi

Fungo la minti m'basi lero landikumbutsa kachitini ka maswiti ka amayi ku Selly Oak, kutsidya kwa nyanja, ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amayi ankaphunzira saikoloje, maphunziro a kaganizidwe ka anthu, ku yunivesite, ndipo anawerenga za akatswiri akale amene ankaphunzitsa nkhunda pozipatsa njere zikachita bwino. Nkhunda yawo ndinali ine. Ndinkangoyankha m'Chingerezi, choncho ndikalankhulako Chichewa ankandipatsa switi ya minti.

Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa masitepe akulira, kalata ya maliro yochokera kumudzi ili m'manja. Ndinkadziwa kuti maswiti anatha dzulo lake.

"Amayi, musalire. Ine ndilipo," ndinatero.

Anatsegula kachitini kaja mwachizolowezi, n'kupeza mulibe kanthu. Anaseka, misozi ili mbwembwembwe, n'kundikokera pachifuwa.

"Tabwereza, mwanangu."

Ndinabwereza.