Tsiku limene ndinabereka dengu

Pa esiteti ya tiyi kapitawo sabereka dengu. Amaima pamsewu ndi ambulera, jombo kumapazi, n'kumakuwa. Ndi mmene ndinapezera ntchitoyi, ndipo ndi mmene ndinkaigwirira mpaka chaka changa chachiwiri, mwezi wa Januwale.

M'munda wina wa kumunsi, pafupi ndi mtsinje, mnzathu wina analumidwa ndi njoka akuthyola tiyi. Anachira kuchipatala, koma gulu langa linakana kulowamonso. Masiku anayi anadutsa, tiyi n'kumakhwima. Abwana anandiitana nandiuza mosabisa kuti munda ukapanda kuthyoledwa mawa lake, gulu lonse lichotsedwa, alembe ena. Ambiri anali aganyu a nyengo ya mvula, amayi olera ana okha.

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala pansi m'mphepete mwa mundawo. Ndinakuwa, ndinaopseza, palibe anadzuka. Mayi wina wachikulire wa ku Chonde, amene anayamba kuthyola ine ndisanabadwe, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Akapitawo, pamsewu pamene mwaimapo njoka zimafikapo?"

Onse anaseka. Wina anawonjeza kuti, "Ambulerayo mutibwerekeko, tikaiphimbe nayo njokayo."

Ndinapsa mtima, koma ndinakumbukira chinthu china. Lamulungu lapitalo ndine ndinawerenga kutchalitchi za mbusa wabwino. Ndinawerenga mokweza, ndi mawu anga omwewa, kuti mbusa amatsogola ndipo nkhosa zimamutsata. Sazikankha ali kumbuyo. Ndipo wolembedwa ganyu ndi amene amasamala khungu lake chilombo chikabwera. Nditaima pamenepo ndinadziona bwinobwino kuti mwa awiriwo ine ndinali uti.

Ndinapinda ambulera n'kuiika pansi.

"Amayi, ndibwerekeni dengu lanulo."

"Mukalitani?"

"Ndikathyole tiyi."

Anandiveka okha, akupukusa mutu. Ndinadula ndodo, n'kulowa mumzere woyamba, ndikumenya pansi pa zitsamba. Mame anandinyowetsa mpaka m'chiuno. Ndinkaopa, ndisaname. M'tiyi suona mapazi ako. Ndinkangonena chamumtima kuti Ambuye, Inu munatsogola kupita kumtanda, nditsogolereni kuno.

Ndinafika kumapeto, ndinabwerera mzere wachiwiri, kenaka wachitatu. Ndili pakati pa wachinayi ndinamva masamba akuthyoka kumbuyo kwanga. Anali mayi aja, akuponya tiyi m'chitenje.

"Tapatukani, akapitawo, mukuononga tiyi. Masamba awiri ndi nsonga, osati nthambi yonse!"

Pambuyo pawo panali ena asanu, kenaka gulu lonse. Tinagwirizana kuti amuna awiri aziyenda nane patsogolo ndi ndodo, othyola azibwera m'mbuyo. Wina anayambitsa nyimbo ya kwaya, ndipo inamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Njoka sitinaione tsiku limenelo.

Abwana anafika pa njinga yamoto dzuwa litapendeka. Anayang'ana pamsewu, nafunsa kuti kapitawo ali kuti.

"Uyo ali apoyo, bwana," anatero mayi aja. "Ndi watsopano, manja ake ngolemera, koma musamuchotse. Aphunzira."

Abwana anayenda munda wonse. Atabwerako anati mawa tonse tikayambe munda wa kumtunda. Palibe anachotsedwa, ngakhale mmodzi. Amayi anaimba nthungululu, ine ndinagwada pomwepo m'matope, msana ukuwawa, n'kuyamika Mulungu.