Tebulo la alamu anga

Alamu anga, amuna a akulu anga, ndi munthu woti ukawafunsa kanthu lero amakuyankha mawa. Si mwano ayi. Maganizo awo amangodula chingwe n'kumapita, thupi n'kutsala pampando. Kwathu anali kalipentala. Kuno kudziko la eni, kumene tinasamukira pamodzi ndi ana awo asanu ndi atatu, amanyamula katundu wa anthu osamuka. Tsiku lonse amakweza makabati ndi mafiriji pamasitepe a eni ake, ndipo amati akagwira mpando amadziwa ngati woukhomayo anali atakwiya kapena anali atangopeza chibwenzi.

Timakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. Pakhomo pathu nsapato zimaunjikana ngati pakaunjika. Tebulo lomwe tinalipeza m'nyumbamo linali la anthu anayi, ndiye tinkadya mosinthana: tiana kaye, kenako akuluakulu akabwera kusukulu. Akulu anga amachapa nsalu m'hotela, ine ndimasamalira okalamba, aliyense ndi nthawi yake yowerukira. Ukafika umapeza mbale yako yovindikira, n'kudya uli chiimire. Zaka zinapita tisanadyepo tonse pamodzi. Enafe tinazolowera, koma alamu zinkawadya mumtima.

Anthu a kuno amataya matabwa abwinobwino. Alamu anayamba kutola, lero chitseko cha kabati, mawa thabwa la bedi. Woyang'anira nyumba yathu anawapatsa kangodya m'chipinda chapansi momwe anthu amasungira njinga.

"Ndikukhoma tebulo la tonse, mlamu," anandiuza. "Ndi iwe womwe, ngakhale umadya ngati ulipira."

"Maloto a chumba amenewo, alamu."

"Chumba chake cha ana asanu ndi atatu?"

Lamulungu masana ndinkatsikira komweko ndi tiyi. Chipindacho chili ndi kawindo kamodzi m'mwamba, kolingana ndi msewu, moti umangoona miyendo ya anthu ikudutsa. Dzuwa likalowera pamenepo utuchi unkayandama m'kuwalako osafuna kutera, ndipo alamu ankakankha puleni pang'onopang'ono, maso ali kutali. Fungo la thabwa linkandibwezera kwathu osakwera ndege. Ankaitana mwana mmodzimmodzi, kumukhazika pakireti. "Tambasula zigongono ngati ukudya." Akatero ankalemba ndi pensulo malo ake. Mzime anamupatsa malo aakulu chifukwa amatayira. Wamanzere anamuika pangodya kuti asamagundane ndi anzake. Kumapeto kwenikweni, moyang'anana ndi iwo, anaika Chisamba, mwana wawo woyamba.

Chisamba ameneyu ndiye analera abale ake kuno. Ndiye ankatimasulira kusukulu ndi kuchipatala tisanathyole chiyankhulo cha eni dziko, kamtsikana koyankhula nkhani za akuluakulu katabereka mzime kumbuyo. Nthawi zina alamu ankasiya puleni n'kutchera khutu.

"Ukumva, mlamu? Masupuni akulira. Amake ana akukalipira wina kuti adye ndi ndiwo zomwe."

Ine ndinkangomva mapaipi a madzi, koma ndinkavomera.

Tebulo lisanathe, Chisamba anapeza ntchito ya unamwino kumzinda wakutali. Akulu anga analira m'bafa, n'kutuluka akunena kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Alamu anangoti, "Sachoka tisanadye pamodzi." Kuyambira pamenepo akaweruka sankakwera n'komwe kunyumba. Analumikiza matabwawo mwachikale, thabwa kulowa m'thabwa linzake, guluu wokhawokha popanda msomali, kuti ngakhale zidzukulu zidzavinepo lisadzagwedere.

Linatha Loweruka, Chisamba anyamuka mawa lake. Linali lokongola, ndisaname. Matabwa a mitundu yosiyanasiyana aja anagwirizana ngati anamera pamtengo umodzi. Anyamata atatu akuluakulu analinyamula ndi bambo awo, ife tikuyenda kumbuyo ngati operekeza mkwatibwi. Linadutsa pakhomo lalikulu. Linakwera masitepe oyamba. Pokhota, linakana.

Analipendeketsa, linakana. Analiimika, linagunda denga. M'chikepe munangolowa miyendo iwiri. Thukuta linali kamukamu kunja kukuzizira.

"Alamu!" ndinatero. "Inu amene mumakweza mafiriji a dziko lonse? Masitepe a eni mumayeza, anu omwe ayi?"

Ndinayembekeza kuti andibwezera, koma anangokhala pasitepe, tepi yoyezera ili m'manja.

"Pabalaza ndinayeza," anatero motsitsa mawu. "Masitepewa sindinawaone n'komwe. M'mutu mwangamu linkangochoka pabwalo n'kulowa m'nyumba, chitseko chili chotsegula."

Ndinachita manyazi ndi pakamwa pangapa. Zaka zonsezi munthu ankakwera masitepe amenewa tsiku lililonse, koma mumtima mwake tinali tikukhalabe m'nyumba yapansi yokhala ndi khonde. Ndinawamvera chisoni.

Akulu anga anasuzumira kuchokera pamwamba, chikho chili m'manja. "Bambo a ana, chakudya chikuzizira. Libwezeni panja limenelo. Ana inu, aliyense atenge chokhalira chake."

Tinaliika kuseri kwa nyumba, pakati pa zingwe zoyanikira zovala ndi magalimoto a anthu. Ena anakhalira mipando, ena makireti, mzime anakhalira ndowa. Tonse tinali m'majekete. Aliyense anapeza malo ake a pensulo aja, ndipo palibe chigongono chinagunda chinzake. Nthunzi ya m'miphika inkakwera molunjika, masamba achikasu akugwera m'mbale ife n'kumangochotsa. Mazenera a anansi anatseguka limodzilimodzi. Gogo wina wa pansanja yachiwiri anatiponyera bulangete, ndipo tinafunditsa tiana. Akulu anga anakalipira wina kuti adye ndi ndiwo zomwe. Alamu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali.

Iwo sanadye kwenikweni. Ankangoyendetsa maso kuchokera kwa mwana uyu kupita kwa uyo, ngati munthu woopa kudzuka. Tinakhalitsa pamenepo mpaka dzuwa linabisala kuseri kwa nyumba zinazo, zala zitayamba kuuma.

Woyang'anira nyumba anabwera mwaulemu kudzanena kuti tebulolo silingagone panja. Alamu anapita kukayeza pokhota paja, n'kubwerera ndi sowo. Anaika tepi patebulo, kenako anaichotsa, n'kuiikanso.

"Likufunika kuchotsako bwanji, ababa?" anafunsa Chisamba.

"Malo a munthu mmodzi."

Ana onse anayang'ana pamalo awo. Mzime anaphimba pake ndi manja onse awiri.

"Dulani panga," anatero Chisamba.

"Ukadzabwera patchuthi udzakhala pati?"

"Adzandisunthira awa. Ndinawabereka kumbuyo onsewa, asandimane malo."

Anaimirira n'kugwira kumapeto kuja ndi manja awiri kuti thabwa lisang'ambike pogwa, monga bambo ake anamuphunzitsira ali wamng'ono. Sowo wa alamu ndi wakuthwa, thabwa lotere amalidula munthu asanamalize kapu ya tiyi. Tsiku limenelo alamu anadula pang'onopang'ono, akuima kuti auzire utuchi pomwe panalibe utuchi, ndipo palibe amene anawafulumizitsa.